Wogamulidwa Pawailesi Asanaone Khoti

(NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya malamulo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Amene muli kudimba, ikani wailesi pachulu, khasu lisaime.

Pali chiganizo china chimene tonse tidachiloweza popanda wotiphunzitsa. Chimamveka pafupifupi tsiku lililonse pa nkhani za masana: apolisi akusunga m'chitokosi bambo wa zaka zakutizakuti pomuganizira kuti waba ng'ombe, kapena wagwirira mwana, kapena wapha mnzake pamowa. Ndiye wowerenga nkhani amamaliza ndi kunena kuti woganiziridwayo amachokera m'mudzi mwa uje, mfumu yaikulu yakuti, boma lakuti. Munthu wa ku Blantyre kapena ku Mzuzu mawu omalizawa sawasamala n'komwe. Koma kwa ife kuno ku Mchinji, akangoti mfumu yaikulu Dambe, nkhani ndiye yayamba. Apongozi amva. Akumpingo amva. Ana a munthuyo akamafika kusukulu m'mawa mwake, anzawo akudziwa kale. Amene adamukongoza feteleza wayamba kudandaula kuti ndalama zake zapita.

Nthawi yonseyi munthu uja sadaonekere pamaso pa majisitireti. Palibe mboni yalumbira, palibe amene wamufunsa mbali yake. Tsono ndikufunseni, ndipo muyankhe mumtima mwanu: mudamva kangati wailesi ikulengeza kuti bambo uja tidakuuzani miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, khoti lamupeza wosalakwa, wabwerera kwawo? Nkhani ya kumangidwa imathamanga. Ya kumasulidwa kawirikawiri imathera pakhonde la khoti, woinyamula ndi mwini wake yekha, ndipo akaifotokoza kumudzi anthu amangoti adahonga.

Lero tikambirana zimenezi, ndipo tiyamba ndi mlandu umene udakhudza boma lathu lino la Mchinji.

Pa 24 Disembala 1981, anthu akukonzekera Khirisimasi, Orton Chirwa, mkazi wake Vera Chirwa ndi mwana wawo Fumbani adagwa m'manja mwa achitetezo a dziko la Malawi. Achikulire mukuwakumbukira a Orton Chirwa. Ndiwo adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 n'kudzapereka utsogoleri kwa Dr Kamuzu Banda atatuluka kundende ya Gweru. Adali nduna ya zachilungamo pamene dziko linkalandira ufulu. Atasemphana ndi Kamuzu pa mkangano wa nduna wa 1964, adathawira ku Tanzania. Mayi Vera Chirwa ndiwo mzimayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya.

Za malo amene adagwidwira padali nkhani ziwiri. Boma lidati adalowa okha m'dziko muno mozemba, mbali ya kuno ku Mchinji, ndi cholinga chofuna kugwetsa boma. Eni ake adati adagwidwa ali ku Zambia, m'dera la Chipata, n'kuwolotsedwa malire mokakamiza. Kusiyana kwake si kwakung'ono, chifukwa ngati adachita kubedwa m'dziko la eni, ndiye kuti mlandu wonse udayamba ndi kuphwanya lamulo. Koma Mmalawi wa nthawi imeneyo akadaimva kuti nkhani yachiwiriyi? Wailesi idali imodzi, MBC. Nyuzipepala zikuluzikulu, Daily Times ndi Malawi News, zidali m'manja mwa kampani ya Kamuzu yemweyo. Kanema kudalibe. Ndipo kwa zaka 17, kuyambira 1964, nduna zimene zidathawa zija zinkatchedwa zigawenga pamisonkhano, pawailesi, ngakhale m'magule. Mwana wobadwa chaka cha ufulu adakula mpaka kumera ndevu akudziwa kuti Chirwa ndi chigawenga, ngati mmene amadziwira kuti dzuwa limatulukira kum'mawa.

Mlandu woukira boma udayamba mu 1982 ku Soche mu Blantyre, m'khoti lachikhalidwe la chigawo cha kumwera. Oweruza ambiri m'makhoti amenewa adali mafumu oikidwa ndi boma, ndipo unduna wa zachilungamo udali m'manja mwa Kamuzu mwiniwake. Oimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. A Chirwa awiriwa adadziimira okha, ndipo mboni zimene ankafuna kuitana sadaloledwe kuziitana. Mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe. Apilo yawo idakanidwa mu Febuluwale 1984, ndipo mu Juni chaka chomwecho, maiko akunja ndi mipingo atapempha kwambiri, chilango chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Ankasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba koma osaonana. Adaonana mu Seputembala 1992, patatha zaka zisanu ndi zitatu, pamene maloya a ku Britain adabwera kudzawayendera. Mwezi wotsatira, mu Okutobala, a Orton Chirwa adamwalira m'ndendemo. Mayi Vera adatuluka mu Januwale 1993. Pambuyo pake bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa lidagamula kuti dziko la Malawi lidawaphwanyira ufulu wozengedwa mlandu mwachilungamo, ndipo patapita zaka mayi Chirwa adadzakhala mmodzi wa makomishonala a bungwe lomwelo, akuyendera ndende za mu Africa.

Ndikudziwa kuti kuno kwathu ambiri dzina la Ngwazi Kamuzu timalitchula ndi ulemu, ndipo sindidabwere kudzakangana ndi munthu za ndale. Chimene ndikufuna tione n'chakuti khoti la ku Soche silidachite kuvutika kutsimikizira Amalawi kuti a Chirwa ndi olakwa. Ntchito imeneyo idali itagwiridwa kale, zaka zambiri, ndi wailesi ndi nyuzipepala. Khoti lidangodinda chidindo.

Zaka zochepa m'mbuyo mwake padali mlandu wina umene maloya amautchulabe. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani cha Congress, ndi Focus Gwede, mkulu wa polisi yachinsinsi, adamangidwa mu 1976 n'kuzengedwa mlandu wofuna kulanda boma mu 1977. Anthu awiriwa ankaopedwa kwabasi, ndipo mabanja ambiri amene abale awo adatsekeredwa popanda mlandu ankaloza iwowa. Atagwa, olira adali ochepa. Koma tamverani umboni umene khoti lachikhalidwe lidalandira: makalata opanda dzina la wolemba. Chifukwa chake? Lidati utsi sufuka popanda moto. A Muwalo adanyongedwa chaka chomwecho.

Mwambi umenewu ndi wathu, timaunena tonse, ndipo pakhomo umathandiza: mwana akamatchulidwatchulidwa pa za kuba, kholo lanzeru limafufuza. Koma mwambiwu umatiuza kuti tifufuze, sutiuza kuti tagwira kale. Ndipo aliyense amene adakhalapo pabwalo la mfumu akudziwa kuti moto wina amayatsa ndi munthu amene akufuna munda wa mnzake.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya malamulo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Tikukamba za mmene nkhani za pawailesi, m'nyuzipepala ndi pamafoni zimaweruzira munthu khoti lisanamuweruze.

Makhoti achikhalidwe aja adatha pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 42, amanena kuti munthu woimbidwa mlandu ayenera kutengedwa ngati wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ali ndi ufulu wokhala chete, ali ndi ufulu wokhala ndi loya, ndipo apolisi ayenera kumufikitsa kukhoti asanathe maola 48. Gawo 36 la malamulo omwewo limapereka ufulu kwa atolankhani. Maufulu awiriwa ndi athu tonse, ndipo onse tidawavutikira. Vuto limabwera pamene wina wapondereza mnzake.

Wina anena kuti: koma akulu, majaji ndi mamajisitireti athu ndi ophunzira, sangagamule mlandu chifukwa cha zimene amva pawailesi. Ndi zoona, ndipo ine ndimawakhulupirira ambiri a iwo. Kwathu kuno milandu yochuluka imaweruzidwa ndi majisitireti kapena jaji, osati gulu la anthu wamba ngati mmene zimakhalira ku Amereka. Koma mlandu suwonongekera pampando wa jaji pokha. Umawonongekera kumudzi, usanafike n'komwe kukhoti.

Tiyerekeze kuti khola la ng'ombe lathyoledwa usiku. Mnyamata woweta adaona anthu awiri mumdima, mmodzi wamtali. Apolisi agwira munthu. Madzulo omwewo chithunzi chake chazungulira m'magulu a WhatsApp, atakhala pansi, unyolo m'manja, zingwe ndi chikwanje ali nazo patsogolo. Mnyamata woweta uja wachiona pafoni ya malume ake. Patapita masiku apolisi akumuitana, aimika anthu pamzere kuti aloze amene adamuona usiku uja. Aloza ndani? Aloza nkhope ya pafoni, ndipo aloza ndi mtima wonse, osadziwa kuti akunama. Zimene adaona mumdima zasakanikirana ndi zimene adaona pachithunzi. Loya wochenjera akhoza kuugwetsa umboni woterewu, ndiye ngati munthuyo adabadi, wapulumuka chifukwa cha chithunzi chanu chija. Ngati sadabe ndipo alibe loya, wapita.

Palinso mboni za mbali inayo. Pali mayi amene akudziwa kuti usiku umenewo munthuyo adali pamaliro kumudzi wina, adamuona akuwotha moto pasiwa mpaka mbandakucha. Koma mudzi wonse wagamula kale, wailesi yanena, foni yanena. Mayiyo aima pamaso pa anthu kukaikira kumbuyo wakuba? Aopa kuti anena kuti amadya nawo. Akhala chete.

Zimenezi si zongoganizira. Ku Bristol, m'dziko la England, mtsikana wina dzina lake Joanna Yeates adaphedwa mu Disembala 2010. Apolisi adagwira mwini nyumba imene ankachita lendi, mphunzitsi wopuma pantchito, Christopher Jefferies. Adali munthu wokhala yekha, wosakwatira, wa tsitsi lachilendo. Nyuzipepala zidamudya wamoyo: zidafukula anthu oti anene kuti ndi wodabwitsa, wosamvetsetseka, woopsa. Patapita milungu itatu apolisi adagwira munthu wina, Vincent Tabak, amene ankakhala khomo loyandikana ndi mtsikanayo, ndipo ndiye adapezeka wolakwa mu Okutobala 2011. A Jefferies adalibe mlandu uliwonse. Mu Julayi 2011 khoti lidalipiritsa nyuzipepala ya Daily Mirror mapaundi 50,000 ndi ya The Sun mapaundi 18,000 chifukwa chosokoneza chilungamo, ndipo nyuzipepala zisanu ndi zitatu zidamulipira chipukutamisozi. Mfundo ya majaji idali yomwe ija ya mayi wa pamaliro: munthu mukamudetsa chotero, anthu amene akadamuikira umboni wabwino amabwerera m'mbuyo.

A Jefferies adali ndi maphunziro ndi maloya. Tenanti wa pa esiteti ya fodya kuno kwa Dambe, amene adachokera ku Mulanje kapena ku Dedza, alibe nkhoswe, alibe mwinimbumba pafupi, angasumire ndani? Ndipo tiyeni tinene zoona: zinthu zikasokonekera pamudzi, chala chimayamba kuloza anthu oterewa. Tenanti, mkamwini wobwera, munthu wa kutsidya amene amalankhula Chinyanja cha ku Chipata, wodwala misala woyendayenda pamsika, agogo okhala okha m'kanyumba kakumapeto. Ndi anthu amene akamangidwa sipakhala wokaima pakhomo la polisi kufunsa.

Nkhani ya belo nayonso imakhudzidwa. Poganizira zopereka belo, khoti limayang'ana ngati munthuyo angathawe, ngati angasokoneze mboni, komanso ngati kumutulutsa kungabweretse chisokonezo kapena kuika moyo wake pangozi. Ndiye mkwiyo wa anthu ukakwezedwa ndi mauthenga, woimira boma amaima n'kunena kuti munthuyu akatuluka anthu amupha. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Zotsatira zake munthu amakhala pa rimandi miyezi, m'ndende zothithikana ngati ya Maula ku Lilongwe, fodya wake akuwola m'chigafa, chifukwa cha ukali wa anthu ena, osati chifukwa cha umboni.

Koma choipa chachikulu, kwa ine, ndi ichi: munthu mmodzi akapezeka woti asenze, kufufuza kumaima.

Mu Julayi 2016 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya bambo wa ku Nsanje, Eric Aniva, amene adavomera yekha kuti ndi fisi, kuti amalipidwa kugona ndi atsikana otha msinkhu pa mwambo wa kusasa fumbi komanso ndi amayi amasiye pa mwambo wa kulowa kufa. Adati adagona ndi akazi oposa 100, ndiponso kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Nkhaniyo idazungulira dziko lonse lapansi, Malawi adachita manyazi, ndipo pasanathe sabata Pulezidenti Peter Mutharika adalamula kuti amangidwe. Mu Novembala chaka chomwecho khoti la ku Nsanje lidamupeza wolakwa pansi pa lamulo la 2013 loletsa miyambo yoipa, ndipo lidamupatsa zaka ziwiri akugwira ntchito yakalavulagaga. Mabungwe a amayi adati chilangocho n'chochepa.

Ndisamveke molakwika. Aniva sadali wosalakwa, ndipo atolankhani adachita bwino kuulula mwambowo. Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, mtsogoleri wa dziko atalamula poyera kuti uje amangidwe, makamera a maiko akunja akudikira panja, majisitireti amene akumva mlanduwo wasenza katundu amene sadayenere kusenza. Chachiwiri, fisi sadzilemba yekha ntchito. Pali makolo amene amamuitana, anamkungwi amene amalangiza, akuluakulu a pamudzi amene amadziwa, pali amene amapereka ndalama. Padoko adaima Aniva yekha. Umboni umene udamumanga udali wokhudza amayi amasiye. Atsikana amene nkhani ya BBC idagwedeza nawo dziko sadabwere kudzaikira umboni. Atalowa m'ndende, makamera adapakira n'kupita, ndipo tonse tidapuma ngati kuti mwambo wamangidwa limodzi naye. Ife a chigawo chapakati tisaloze ku Nsanje ngati kuti mawu akuti fisi ndi achilendo m'makutu mwathu.

Nkhani yachiwiri ndi yowawa kwambiri. Mu Febuluwale 2019, chisankho chili pafupi, mnyamata wachialubino wa zaka 14 adabedwa ku Dedza. Dziko lidakwiya, ndipo lidayenera kukwiya, pakuti abale athu achialubino adali akuphedwa kuyambira cha m'ma 2014, ngakhale kuno ku Mchinji. Aliyense ankafunsa funso limodzi: msika wa ziwalo zawo uli kuti? Pakati pa ogwidwa padali bambo wina, Buleya Lule, amene anzake ena omangidwa adamutchula. Dzina lake lidamveka paliponse ngati munthu amene akudziwa za msikawo. Adaonekera kukhoti ku Lilongwe, adakana mlandu, ndipo pasanapite nthawi adafera m'manja mwa apolisi. Dokotala woyeza mtembo, Charles Dzamalala, adapeza kuti adaphedwa ndi magetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidati adazunzidwa. Apolisi angapo adadzazengedwa mlandu chifukwa cha imfayo. A Lule adamwalira asanaweruzidwe, kotero pamaso pa lamulo ndi munthu wosalakwa. Ngati ankadziwa kanthu, adapita nako kumanda, ndipo amene adataya kwambiri ndi banja la mwana uja ndi anthu achialubino onse. Ngati sankadziwa kanthu, ndiye kuti munthu adafa chifukwa dziko linkafuna yankho mwamsanga.

Onani kusiyana kwake ndi zimene zidachitika kuno. Mu Ogasiti 2019 khoti lalikulu litakhala ku Mchinji lidagamula anthu atatu pa mlandu wopha munthu wachialubino mu 2015. Padatenga zaka zinayi, anthu ankadandaula kuti zikuchedwa, ndipo kuchedwako sikoyamikika. Komabe mboni zidalumbira, oimbidwa mlandu adayankha, jaji adalemba zifukwa zake. Chigamulo choterocho chimaima.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tabwereranso. Mwina wina akumvera akuti, ndiye atolankhani asiye kulemba za milandu? Ayi, m'pang'ono pomwe. Nthawi ya a Chirwa vuto silidali kuchuluka kwa nkhani, lidali kusowa kwa mbali yachiwiri. Ndipo imfa ya a Lule ikadakwiririka pakadapanda atolankhani ndi omenyera ufulu amene adakana kukhala chete. Khoti ndi malo apoyera, munthu aliyense atha kulowa n'kukhala pabenchi. Kumangidwa kwa munthu kukamalengezedwa, zimathandizanso kuti asasowe m'chitokosi mwachinsinsi ngati kale. Nkhani ili pa kalembedwe ndi kanenedwe.

Anzanga atolankhani, makamaka ife a mawailesi a m'madera amene timalankhula ndi anthu odziwana maina, tili ndi chizolowezi chotenga chikalata cha mneneri wa apolisi n'kuchiwerenga momwe chilili. Chikalatacho ndi mbali imodzi ya mlandu, mbali ya woimba mlandu. Chikanena kuti woganiziridwayo wavomera, tikumbukire kuti kuvomera kwa kupolisi si kuvomera kwa kukhoti. Ambiri akafika pamaso pa majisitireti amakana, ena n'kuonetsa zipsera. Kuika mawu akuti woganiziridwa pakati pa nkhani sikuthandiza ngati mutu wake ukuti chigawenga chagwidwa. Mbiri yakale ya munthu, yakuti adamangidwapo kale, khoti lenilenilo kawirikawiri siliimva mpaka litamupeza wolakwa, tsono ife tikuifalitsiranji mlandu usanayambe? Mwana, kaya ndi woimbidwa mlandu kaya ndi wochitiridwa nkhanza, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kumuulula. Ndipo pamudzi kuulula sikufuna dzina: mukatchula dzina la bambo womupeza ndi mudzi wake pa mlandu wogwirira, mwanayo mwamutchula kale.

Ndipo ngati tidalengeza kumangidwa, tili ndi ngongole yolengeza mathero. Zimafuna kabuku kolembamo maina ndi masiku a milandu, ndi munthu wopita kukhoti kuboma kukafunsa. N'zotopetsa, sizikoma ngati nkhani ya kugwidwa, ndipo mkonzi adzati tilibe mafuta a njinga yamoto. Koma wailesi imene idalowetsa dzina la munthu m'nyumba iliyonse ya kwa Dambe ndi yokhayo imene ingathe kulitsuka m'nyumba zomwezo.

Masiku ano mtolankhani si yekhayo wa kope ndi cholembera. Aliyense wa foni ndi wofalitsa. Kumayambiriro kwa 2020 ku Zambia kudabuka mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba, kuyambira ku Chingola, ndipo anthu makumi angapo adaphedwa ndi magulu olusa, ambiri chifukwa chongokhala alendo pamalopo. Kwathu kuno mu 2017 za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Malire athu ano satchinga uthenga wa pafoni. Wa ku Chipata umafika pa Kapiri nsima isanapse. Amene mumayang'anira magulu a WhatsApp a mpingo, a kalabu ya alimi, a anyamata a kabaza, dziwani kuti lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limafikanso pafoni panu, ndipo malamulo a milandu amaletsa kulankhula kapena kulemba zinthu zosokoneza mlandu umene uli m'khoti. Chithunzi cha munthu womangidwa chikafika, sichikukakamizani kuchitumiza. Ngati mukudziwa kanthu za mlanduwo, njira ndi ya kupolisi, osati ya kugulu.

Mafumu athu, a nyakwawa ndi a gulupu, inu mumadziwa bwino kuposa ife kuti pabwalo simugamula wodandaula yekha atalankhula. Mumati aitaneni enawo, abwere ndi ankhoswe awo. Munthu wa m'mudzi mwanu akamangidwa, nyumba yake, mbuzi zake ndi ana ake zili m'manja mwanu mpaka khoti litalankhula. Kugwetsa nyumba kapena kutentha nkhokwe ya woganiziridwa ndi mlandu pawokha, ndipo ochita zimenezi nawonso amamangidwa. Akamasulidwa n'kubwera ndi chikalata cha khoti, ndi inu amene mungaitane mudzi n'kuchiwerenga poyera. Kumbukiraninso kuti kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo limene lakhalapo kuyambira 1911.

Nanga amene dzina lanu kapena la m'bale wanu laipitsidwa, mungatani? Yambani ndi wailesi kapena nyuzipepala imene idafalitsayo. Pitani kapena lemberani mkonzi, mutanyamula chikalata cha chigamulo, mupemphe kuti akonze nkhaniyo ndipo aiulutse nthawi yofanana ndi imene adaulutsira yoyamba. Chikalatacho mumapempha kwa kalaliki wa khoti limene lidamva mlandu. Akakana kukonza, kadandauleni ku Media Council of Malawi, bungwe loona kuti atolankhani akutsata malamulo a ntchito yawo. Ngati ndi wailesi kapena kanema, bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso, limalandiranso madandaulo. Ngati m'bale wanu ali m'chitokosi kapena pa rimandi ndipo mulibe ndalama ya loya, funsani a Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi kuimira anthu osowa; alipo athandizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende ndi mapolisi; ndipo ngati wamenyedwa kapena wapitirira maola 48 osaonekera kukhoti, a Malawi Human Rights Commission ndi oyenera kudziwa. Kusumira wofalitsa nkhani yabodza kuti akulipireni n'kotheka, koma kumafuna loya ndi kuleza mtima, kotero yambani ndi njira zinazi.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za belo: ndani angaipereke pakati pa apolisi ndi khoti, womuimira munthu amalonjeza chiyani, ndipo chifukwa chiyani belo ya kupolisi siyenera kulipiridwa ndalama. Tumizani mafunso anu kudzera ku makalabu omvera wailesi a m'dera lanu.

(NYIMBO YOTSEKERA)